Ndawasiya M'nyumba ya Mowa

Ueda, Nagano
21 Ogasiti 2023

Okondedwa akulu anga a Tomie,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi ana ndi zidzukulu kumeneko ku Brazil. Ine ndilipo. Mwendo uja ukuyenda, pang'onopang'ono ngati mwini wake. Mundikhululukire malemba okhotawa, mukudziwa kuti nthawi imene anzanga anali kusukulu ine ndinali kuthyola masamba a mabulosi odyetsera mbozi za amayi zotulutsa ulusi wa silika, ndipo tsopano dzanja nalo layamba zake. Ndikulemba mopumira.

Ndisazungulire. Obon, nyengo yolandira mizimu ya makolo, yatha, mabanja onse aperekeza akufa awo, koma ine athu sindinawaperekeze. Bambo, mayi ndi mwamuna wanga Genzo ndinawaitana tsiku loyamba monga mwa chaka chilichonse, analowa m'nyumba mwathu ku Kurumisawa, ndipo mpaka lero ali momwemo, pakati pa anthu akumwa mowa. Ndikuuzani mmene zinayendera, kenako ndikupemphani chinthu chimodzi.

Munamva kale kuti nditaterereka pa madzi oundana n'kuthyoka m'chiuno, mwana wanga Noriaki anandisamutsira kuno kutawuni, m'nyumba yosanja momwe amakhala ndi mkazi wake. Chimene sindinakulembereni n'chakuti nyumba yathu ija anaibwereketsa kwa mnyamata wa ku Tokyo, dzina lake Kanzaki, amene amafulula mowa. Si mowa wa mpunga umene bambo ankamwa pa zikondwerero ayi, koma wathovu uja wa m'mabotolo. Amafululira momwemo n'kumagulitsira momwemo, ndipo akuti malowo atchuka, anthu amakwera sitima kuchokera kutali kudzangokhala m'nyumba yakale ya kumapiri tambula ili m'manja. Ndinkachita manyazi kukuuzani. Ndinkati mlekeni mkulu wanga aziikumbukira monga anaisiyira.

Chaka chatha amisiri anali akugwirabe ntchito, ndiye Noriaki anandiperekeza, ndinayatsa moto woitanira pachipata, ndipo tsiku lomaliza ndinayatsanso woperekezera, pakati pa matabwa ndi matumba a simenti. Chaka chino nditatchula nkhaniyi, mwana wanga anapumira m'mwamba.

"Amayi, kachisi wa makolo tinabwera naye kuno. Timatabwa ta mayina awo si ito pakonapo? Wansembe anapempherera. Akafuna kubwera, abwera kuno."

"Adzera kuti?" ndinamufunsa. "Agogo ako amadziwa njira imodzi yokha, kutsika kumanda, kuwoloka mlatho, kufika pachipata. Bambo ako ankasochera pasiteshoni ali moyo, maso ali awiri. Lero ndi pomwe adziwe batani la chikepe?"

"Ndi mizimu amayi, sikwera chikepe."

"Unakhalako mzimu iwe?"

Anaseka, kenako anatenga foni n'kutuluka nayo pakhonde. Pobwera nkhope inali yowala. Anati Kanzaki wavomera, ndipo wakondwa kwambiri. Ndinayenera kudzifunsa pomwepo kuti munthu amakondweranji ndi akufa a eni. Koma ndinangothokoza, n'kupita kukagula makungwa oyatsira ndi nkhaka.

Tsiku loyamba la Obon tinafika dzuwa litapendeka. Munda wa mabulosi kulibenso, anathiramo miyala, ndi poimika magalimoto tsopano. Amene amalozera madalaivala poima ndi Mosuke wa kutsidya kwa mlatho, yemwe uja anabisala m'khola kulira tsiku limene munanyamuka. Wakota msana, koma pakamwa mpomwe paja. Anavala kachipewa kolembedwa dzina la mowa.

"Kikue, udakali moyo?" anatero atasuzumira pazenera la galimoto. "Ine ndimati lero nawenso ubwera ndi utsi."

"Ndikudikira iwe utsogole, ukandisesere njira. Kachipewako wabera mwana wa yani?"

"Ndi yunifomu iyi. Ndili pantchito ine, sindidyera ana ngati anthu ena."

Ananena zoona, ndiye zinandipweteka.

Akulu anga, nyumba ija kunja ndi yomwe ija, koma m'kati mukanalowa mukanabwerera n'kukafunsa njira. Kukhola la kavalo kuja kuli matanki aatali onyezimira, ndipo fungo lake ndi la chimera chowiritsa, lomata pammero. Pamene panali mbaula ya amayi pali thabwa lalitali, kuseri kwake mipopi yondandalika, mtsikana akutsegula uwu, kutseka uwo, thovu likusefukira. Mphasa zonse anazichotsa. Anthu amalowa ndi nsapato mpaka kuchipinda cham'kati kumene kunali kachisi wa makolo, kumene ife sitinkaloledwa ngakhale kuseka. Pamalo penipeni pa kachisiyo pali tebulo, ndipo tsikulo panali anyamata atatu akudya nyama ya nkhumba yootcha, wina mwendo ataukweza pampando.

Njinga yopotera ulusi ya amayi anaipachika kudenga ndi waya. Chovala chaudzu cha mvula cha bambo chili pakhoma, nyali ikuchiwalitsa. Inunso mulipo. Chithunzi chija tinajambulitsa musananyamuke anachipeza m'nkhokwe, anachikuza, n'kuchikhoma panjira yopita kuchimbudzi. Anthu odikira pamzere amakuyang'anani.

Kanzaki anabwera akuthamanga, akupukuta manja. Sindinganame, ndi mwana waulemu. Anawerama mpaka tsitsi lake lomanga kumbuyo linagwera kutsogolo.

"Agogo, takulandirani. Nyumba ino ndi yanu. Madzi a chitsime chanu ndi amene amakometsa mowa wathu, alendo onse ndimawauza."

Anandipatsa katambula kakang'ono kuti ndilawe. Ndinanyambita kuti ndisamuchititse manyazi. Kuwawa kwake ngati ndulu, ndi kafungo ka makoko a lalanje. Ndinati, "Anthu amalipira sitima kudzamwa zimenezi?" Iye anaseka kwambiri n'kubwereza mawu angawo kwa alendo, nawonso anaseka. Ndinali ndisanadziwe kuti ndayamba kale ntchito.

Ndinadziwira pakhomo, potuluka. Panali chipepala chachikulu, pamenepo pali nkhalamba itanjuta pambali pa moto. Ndinayang'anitsitsa, ndinapeza kuti ndine, pa chithunzi cha chaka chatha. Malemba aakuluwo ndinawawerenga ndekha, limodzilimodzi: dzaoneni agogo a nyumba ino akuitana makolo awo. Ndinacheukira Noriaki.

"Chithunzichi anachitenga kuti?"

"Anapempha, amayi. Nanga ndikanakana bwanji, munthu akutikomera mtima?"

Ndikanabwerera pomwepo. Koma dzuwa linali likulowa, ndipo ndinkadziwa kuti atatu aja atsika kale kumanda, ali pamlatho, akuyang'ana kuti moto uwonekera kuti. Ndinapita pachipata. Anthu anatuluka ndi matambula awo n'kundizungulira, mafoni ali m'mwamba. Mtsikana wa mipopi uja ankafotokozera azungu ena m'chilankhulo chawo. Ndinanjuta mogwirira ndodo, ndinaika makungwa m'mbale yadothi, ndinayatsa. Anagwira msanga, ndi utsi wakuda uja mukuudziwa. Ndinaitana chapansipansi monga amayi ankachitira, kuti bambo, mayi, Genzo, moto wanu ndi uwu, fikani.

Munthu wina kumbuyo anati, "Mokweza pang'ono agogo, sizikumveka."

Ndipo ndinakweza, akulu anga. Ndinaitana makolo athu ngati ndikugulitsa mbatata zootcha. Nditamaliza anawomba m'manja, ndipo ndikuuzani inu nokha, kamtima kanga kanakondwera. Papita nthawi yaitali munthu asanandiyang'ane ndikuchita kanthu. Kukondwako sikunakhalitse. Mphepo inali yochokera kumtsinje, utsi unawerama n'kulowa pakhomo, ndipo ndinadziwa kuti alowa. Ndinaganiza za mayi, amene ankavula nsapato ngakhale polowa m'nkhokwe, ataima pakati pa miyendo ya anthu osawadziwa, akufunafuna poti akhale.

Ndinapempha kashelefu. Kanzaki anachotsa mabotolo pakona ina, ndipo ndinaikapo kavalo wa nkhaka wokwera mizimu pobwera, amene ndinamubaya timiyendo ta ndodo, makapu atatu a tiyi ndi mpunga pang'ono. Alendo anajambulanso zimenezo. Noriaki anali atayamba kale kugwedeza makiyi, akuti msewu udzaza. Ndinanong'oneza atatu aja kuti apirire, ndibwera kudzawatulutsa. Kanzaki sindinamuuze kanthu za tsiku lomaliza. Ndani amauza munthu wamkulu kuti mlendo amene wamuitana uyenera kumuperekeza? Ndinkati ngakhale ku Tokyo amabadwa kwa anthu.

Masiku apakatiwo ndinkaphika chakudya chawo kuno n'kuika pakachisi, koma ndinkadziwa kuti ndikuphikira matabwa. Eni chakudya anali kumapiri.

Tsiku lomaliza ndinadzuka n'kukonza ng'ombe ya biringanya, kuti abwerere pang'onopang'ono atanyamula katundu wawo. Noriaki anatuluka m'chipinda atavala zakuntchito.

"Lero ayi amayi, sitolo yadzaza, sandilola."

"Nanga agogo ako ndi bambo ako?"

"Mbali yaikulu munachita kale. Anabwera okha, abwerera okha."

"Anabwera nditawaitana."

"Ndachedwa amayi. Musatuluke, kunja kukutentha."

Mpongozi wanga atapita kukagula zinthu, ndinatenga chikwama ndi ndodo. Basi ya ku Kurumisawa, imene kale inkayenda ndi ine ndi dalaivala basi, inali yodzaza ndi achinyamata, ena ataimirira. Mmodzi anandipatsa mpando n'kundiyang'anitsitsa, kenako anaonetsa anzake foni. "Ndi agogo a moto aja," anatero.

Nditatsika ndinamva ng'oma ndi magitala ndisanawoloke mlatho. Kunali chikondwerero cha mowa. Ofulula a m'madera ena anabwera ndi migolo yawo, bwalo lonse linali matenti, ndipo pachipata penipeni, pamwala pamene takhala tikuyatsira moto chibadwire, panaima galimoto yokazingiramo nkhuku, zigubu za gasi zili pambali. Ndinadzipanikiza pakati pa anthu mpaka ndinamupeza Kanzaki. Atandiona anawerama, koma maso ake anali pa chikwama changa.

"Agogo, mwabwera nokha? Bwanji simunaimbe?"

"Ndabwera kudzaperekeza alendo anga. Muuze wa nkhukuyo asunthe pang'ono, sindichedwa."

Anakanda kumutu. "Pepani kwambiri agogo. Lero moto sutheka. Ozimitsa moto anatiloleza chikondwererochi pokhapokha pabwalo pasayake kanthu kupatula mbaula za ophika. Gasi ndi uyo mukumuonayo. Chikondwererochi tinachikonza kalekale."

"Tsiku lija moto unatheka bwanji?"

"Lija tinapempha chilolezo."

"Ndiye unapempha cholowetsera, chotulutsira ayi."

"Ine ndimaganiza kuti woperekezerawo mukayatsa kwanu."

"Kwathu ndi kuti?"

Kanzaki anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi kandulo ya mabatire, ija imaphethira ngati moto koma ungaigwire ndi dzanja. Anati amayi ake ku Tokyo amayatsa yoteroyo pa Obon, ndipo tsiku lomaliza amangoizimitsa. Anandipatsa ndi manja awiri, mwaulemu ndithu. Ndinamufunsa kuti nanga akwera utsi uti. Pomwepo wina anamuitana kuti mpopi wina watseka, anawerama kawiri n'kupita.

Ndinayendera m'mbali mwa mpanda mpaka kuseri kwa galimoto ya nkhuku, pafupi ndi mwala uja mmene ndikanathera. Ndinanjuta, ndinatulutsa mbale, makungwa ndi machesi. Ndinati kamoto kakang'ono, kautsi pang'ono, ndani aone. Ndodo yoyamba ya machesi inathyoka. Ndisanakhwatche yachiwiri, dzanja lina linagwira langa. Anali Mosuke.

"Kikue, ukufuna tonse tipite nawo lero lomwe? Gasi uyu."

"Ndisiye Mosuke. Genzo anali mnzako."

"Anali mnzanga, n'chifukwa chake sindikufuna kukumana naye madzulo ano. Tiye ukayatsire pachipata panga, athu ndawaperekeza kale, phulusa likadali lotentha."

"Unaona kuti mlendo wa m'nyumba mwako ukukamutsanzikira pakhomo pa eni? Atuluka bwanji asakuona moto?"

Anandiyankha motsitsa mawu, osandiyang'ana. "Ukayatsa apa andichotsa ntchito. Ndilibe Noriaki ine." Anandilanda machesi pang'onopang'ono n'kuika m'thumba la malaya ake.

Ndinafuna kunyamuka kuti ndimutukwane nditaimirira, koma chiuno chinakana. Ndinakhala pansi m'fumbi, chikwama chinagudubuka, ng'ombe ya biringanya inagwera kunsi kwa galimoto. Anyamata awiri anandinyamula m'khwapa ngati thumba la mpunga, akundifunsa ngati ndamwa wambiri. Anandilowetsa m'nyumba kuti ndikhale pozizira, ndipo mpando umene unapezeka unali wa patebulo lija la m'chipinda cham'kati. Anandipatsa madzi m'tambula ya mowa.

Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa linalowa. Kuchokera pampandopo ndinkaona kashelefu kaja. Makapu a tiyi anali atawachotsa, mabotolo atabwerera, koma kavalo wa nkhaka anamusiya chifukwa alendo amamukonda. Anali atafota, mwendo umodzi utagwa, ndipo wina anamuveka kachitsekero ka botolo kumutu. Nyimbo zinkagwedeza matabwa. Ndinayesa kuwalankhula, kuti bambo, mayi, Genzo, nyamukani, tsatani ine potuluka. Koma ndinkadzimva ndekha kuti ndikunama. Bambo sanatulukepo m'nyumba ya munthu asanatsanzikidwe, mukuwadziwa.

Kanzaki ndi amene anaimbira Noriaki. Anafika atavalabe zakuntchito, anapepesa kwa Kanzaki, anapepesa kwa anyamata aja, anapepesa ngakhale kwa wokazinga nkhuku. Titawoloka mlatho pa galimoto ndi pomwe anandilankhula.

"Mwandichititsa manyazi amayi."

"Bwerera, anthu akachepa tiyatsa."

"Tsiku latha. Mukanafera pamenepo bwenzi anthu akuti chiyani za ine?" Anayendetsa kanthawi, kenako anati, "Izi ndi zomwe timakambirana ndi mkazi wanga. Mwezi wamawa tikaone malo aja."

Malo akewo ndi nyumba yosungira okalamba kuseri kwa chipatala. Akuti n'kwabwino, kuli dimba, ndipo chitseko chakunja chimatseguka ndi nambala imene amaidziwa antchito okha. Musadandaule nazo, ndangotchula kuti mukadzaona adiresi yasintha musadabwe.

Ndinafunsa wansembe pafoni. Anati mizimu ya anthu abwino simangidwa ndi makoma, ndipumule. Wansembeyo ndi mwana wamng'ono, anaphunzira kwambiri, ndipo amayankhula ngati dokotala amene sakufuna kukuuza matenda. Dzulo Kanzaki watumiza bokosi la mabotolo asanu ndi limodzi ndi kakhadi kopepesa. Akuti chaka chamawa adzakonza bwino, moto udzakhala masiku onse awiri, ndipo adzaika mipando kuti alendo adzaone bwino. Noriaki waika mabotolowo mufiriji.

Tsopano pempho langa ndi ili, akulu anga. Inu muli ndi bwalo lanulanu ndi chipata chanuchanu, ndipo munandilembera kuti kumeneko mumakumbukirabe masiku amenewa. Ndinu mwana woyamba wa nyumba ija. Ndikudziwa kuti nyengo yake yadutsa, koma musadikire chaka chamawa. Kalata ino ikangofika, madzulo ake omwewo, yatsani moto pachipata panu muwaitane. Makungwa a kuno mulibe, koma chilichonse chofuka utsi chichita, bola ayatse ndi mwana wawo. Mawu anu mwina adzawamva, pakuti anga ndinawagulitsa. Akafika muwasunge masiku atatu monga mwa mwambo, kenako muwaperekeze bwinobwino, ndipo kuyambira pamenepo azibwera kwa inu. Ine sindidzawaitananso.

Ulendowo ndi wautali, ndiye mukonze kavalo wamkulu. Mayi amaopa madzi, muwaitane kawiri. Bambo akafika adzayamba n'kukukalipirani kuti munapitiranji kutali chonchi, musawayankhe, apatseni tiyi wotentha kwambiri, aleka okha. Genzo simunaonane naye, analowa m'banja mwathu inu mutapita kale. Ndi wamfupi, wamanyazi, adzaima kumbuyo kwa bambo chipewa chili m'manja, ndipo sadzalowa mpaka mutamutchula dzina. Mumuuze kuti ndinu mkulu wake wa Kikue. Akafunsa kuti ine ndili kuti, mumuuze kuti ndili bwino, mwendo ukuyenda.

Moni kwa ana anu onse ndi zidzukulu zimene ndimangozidziwa pa zithunzi. Aphunzitseni kuyatsa moto inu mukadalipo, ndipo nyumba yanu musaisiye m'manja mwa munthu waulemu. Ndipo ndikadzapita ine, ngati sikukhala kukuvutitsani, mudzawonjezere kapu imodzi.

Ndine mng'ono wanu,
Kikue